Nsapato za Mayi Davis zikadali m'kamwa

Kuno ku Fort Worth nkhani zimatha msanga, koma ilipo imodzi yokana kufa. Chisankho cha bwanamkubwa wa Texas chikangoyamba kununkhira, a chipani cha Democratic n'kuyamba kusuzumirana kuti tikankhire ndani kutsogolo, wina amangotsokomola n'kutchula nsapato za pinki. Basi, tsiku lathera pomwepo. Kometera tsitsi makina amazima, pabwalo la tchalitchi anthu amaiwala kuti anasiya ndiwo pamoto, ndipo madalaivala a Uber, amene masiku onse amangodandaula za mtengo wa mafuta, amasanduka akadaulo a ndale. Sabata ino ndayenda nditatchera khutu, ndipo thumba ladzaza.

Ndiyambe ndi kukumbutsa amene nkhaniyi inawapita. Chigawo chilichonse cha America chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi bwanamkubwa wake. Pa 25 June 2013, Mayi Wendy Davis, seneta woimira dera la Fort Worth, anaimirira m'nyumba ya Seneti ku Austin nthawi ili 11:18 m'mawa. Patebulo panali bilu yotchedwa SB 5. Inkaletsa kuchotsa mimba yopitirira masabata 20, inkafuna kuti zipatala zochita ntchitoyi zimangidwe ngati za opaleshoni, komanso kuti dokotala aliyense akhale ndi chilolezo chogonekera odwala pa chipatala chachikulu chosatalikira kuposa mamailosi 30. Eni bilu ankati akuteteza amayi ndi ana osabadwa. Otsutsa ankati imeneyi ndi njira yotsekera zipatala popanda kugwira loko. Tsikulo linali lomaliza la msonkhano wapadera, ndipo 12 koloko usiku ikanakwana asanavote, bilu ikanafera pomwepo. Chida cha ochepa mphamvu pa nthawi ngati imeneyi ndi kuyankhula osasiya, chomwe eni ake amati filibuster. Malamulo ake ndi ankhanza: osakhala pansi, osatsamira tebulo, osamwa madzi, osapita kuseri, osapatuka pa mutu wa nkhani. Ukalakwa katatu, akukhazika.

Mayiwo anabwera atavala nsapato zothamangira za Mizuno, ndipo anaima maola pafupifupi 11. Anawapeza ndi milandu itatu: iwiri ya kupatuka pa mutu, umodzi wakuti seneta mnzawo Rodney Ellis anawathandiza kumanga lamba wa msana. Cha m'ma 10 koloko usiku anawadula pakamwa. Apo anzawo anayamba kukoka nthawi ndi mafunso a ndondomeko, mpaka Mayi Leticia Van de Putte, amene anali atangochokera ku maliro a bambo awo, anafunsa kuti kodi seneta wamkazi akweze dzanja ndi mawu mpaka pati kuti amveke pakati pa amuna. Khamu lomwe linali pakhonde la alendo linakuwa osalekeza mpaka 12 koloko inadutsa, kotero kuti wowerenga mavoti sankamva chilichonse. Wotsogolera nyumbayo, David Dewhurst, anavomereza usiku womwewo kukucha kuti nthawi inawathera. Chimwemwe cha otsutsa bilu chinali cha masabata atatu okha. Bwanamkubwa Rick Perry anaitanitsa msonkhano wina, bilu inabwereranso ndi dzina la HB 2, ndipo anaisainira pa 18 July. Mu October Mayi Davis analengeza kuti akufuna mpando wa a Perry. Pa 4 November 2014 anapeza mavoti 39 pa 100 alionse, pomwe Greg Abbott wa Republican anapeza 59.

Mpaka apa palibe wotsutsa. Mkangano uli pa funso lakuti anawagwetsa ndani.

Bambo amene amandimeta alibe chikaiko. Akuti nsapato zomwe zinawakweza ndi zomwenso zinawagwetsa. "Achimwene," amatero akundipotoza mutu ngati wagula, "kuno ndi ku Texas. Munthu ukadziwika ndi nkhani imodzi, nkhaniyo n'kukhala imeneyo, kalipire ndalama za kampeni koma usagule suti yolumbirira." Kwa iwo, anthu a ku New York ndi California anatumiza madola awo kwa mkazi amene anamuona pa YouTube usiku umodzi, kuiwala kuti ovota ali ku Lubbock ndi Amarillo, komwe Lamlungu m'mawa msewu umakhala zii chifukwa aliyense ali m'tchalitchi. Pa benchi panali agogo ena oyembekezera kumetedwa, ngakhale tsitsi loti n'kumeta panalibe. Iwo chomwe chimawapweteka si kuluza koma kutamandidwa. Maola 11 n'chiyani? Anatikumbutsa za Bill Meier, amene mu 1977 anaima m'nyumba yomweyo maola 43, ndipo palibe amene anafunsa kuti wavala nsapato zanji. Ubwanamkubwa sanauone, koma pamenepo agogowo sanafune kukhalitsapo.

Kumpoto kwa tauni, komwe ndimagula taco ndikalandira malipiro, mayi wogulitsa ali ndi chithunzi cha Namwali Maria wa ku Guadalupe pamwamba pa kabati ya ndalama, ndipo banja lawo lavotera Democratic kuyambira makolo. Iwo akuti chenjezo linabwera msanga koma akuluakulu a chipani anatseka makutu. Pa chisankho cha chipulula mu March 2014, Mayi Davis ankapikisana ndi Ray Madrigal, munthu amene sanachite kampeni yooneka ndipo ambiri anamva dzina lake koyamba ali m'kachipinda kovotera. Bamboyo anatenga pafupifupi voti imodzi mwa zisanu zilizonse, n'kuwina m'maboma angapo a kumalire ndi Mexico, kumene kuli Akatolika ambiri ndipo chipanicho chimayesa kuti ndi dimba lake. Ena amati anthu anangosankha dzina lomveka la kwawo. Mayi wa taco akuti ayi, azakhali awo a kumalireko ankadziwa bwino chomwe akukana. Kenaka anaseka n'kukumbutsa kuti a Abbott, omwe ndi Mkatolika ndipo akazi awo a Cecilia makolo awo anachokera ku Mexico, anatulutsa uthenga wa pa TV momwe apongozi awo aakazi ankawachitira umboni. Apa ine ndinagonja. Mkamwini amene apongozi ake aima pagulu n'kunena kuti ndi munthu wabwino, ameneyo kumugonjetsa n'kovuta kulikonse pansi pa thambo.

Musaganize kuti tauni yonse yavomerezana. Mlongo wina amene timapemphera naye, mphunzitsi wa pa koleji ndipo anali nawo pakhonde usiku uja mpaka mawu kusasa, akamva zoti nsapato zinagwetsa munthu amapsa mtima ngati wapondedwa pa chilonda. Kwa iye Mayi Davis sanaluze chifukwa chovala nsapato zija, analuza chifukwa chozivula. Umboni ali nawo, ndipo amawerenga ndi zala. Polengeza kuti akuima, ku Haltom City, m'holo yomwe analandirira satifiketi ya sekondale, anakamba za sukulu ndi ntchito, nkhani ya mimba n'kuilambalala ngati chithaphwi. Mu November 2013 ali ku Brownsville anadzitchula ndi dzina lomwe otsutsa kuchotsa mimba amadzitchula nalo, la oteteza moyo, n'kulitanthauzira kuti iwo akunena za ana obadwa kale. Mu February 2014 anauza nyuzipepala ya Dallas Morning News kuti malire a masabata 20 akanatha kuwavomera, lamulo likanasiyira mayi ndi dokotala wake mpata wokwanira. Mwezi womwewo anati alibe vuto ndi zoti anthu aziyenda ndi mfuti yaifupi poonekera. "Amene ankawada sanasinthe maganizo," amatero mlongoyu, "ndipo ife amene tinkawakonda tinayamba kuyang'ana pansi." Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa mfundo imeneyi ndikuona kuti mphunzitsiyu akunena zoona, ngakhale kuti sindikhulupirira kuti phanga limodzi likanawauma.

Ilipo mbali ina ya nkhaniyi imene amuna amaikonda kwambiri, makamaka pamene nyama ili pa makala ndipo akazi awo ali mkati. Ndi ya mbiri ya moyo wa mayiwo. Kampeni inkati anali mtsikana wosiyidwa ndi mwana ali ndi zaka 19, wokhala m'nyumba ya kalavani, amene anadzikoka yekha mpaka kukaphunzira zamalamulo ku Harvard. Mu January 2014 mtolankhani Wayne Slater anafukula kuti ukwati unatha mwalamulo ali ndi zaka 21, kuti m'kalavanimo anakhalamo miyezi yochepa, ndipo kuti mwamuna wawo wachiwiri, loya, anathandiza kulipira fizi. Mumve mmene madoda amaikambira, mungayese ndalamazo zinachoka m'thumba mwawo. Mmodzi, amene ine ndikudziwa kuti akazi ake ndiwo anamulipirira kosi ya zamagetsi, ndiye amatsogolera nyimboyi. Tsiku lina achemwali ena, namwino wa usiku, anatulukira ndi mbale ya saladi n'kuwapeza ali pakati pa mlandu. Anafunsa kuti ndi andale angati aamuna amene anaphunzira ndi thukuta la akazi awo, nanga ndi nyuzipepala iti inakawerenga malisiti. Kunali zii, kumangomveka mafuta akuthetheka pa makala. Koma achemwaliwo sali mbali ya munthu. Asanabwerere mkati anaponyanso mwala mbali inayo: iwo amaima maola 12 usiku uliwonse, ndi nsapato zotchipa kuposa za Mizuno, ndipo palibe amene anawapempha kuti aime pa ubwanamkubwa.

Pali malo amodzi pomwe miseche yonseyi imatsika mawu. Wolemba ndemanga wina wa mbali ya Republican, Erick Erickson, anawapatsa mayiwa dzina lachipongwe lowafanizira ndi chidole cha Barbie chochotsa mimba, ndipo dzinalo linayenda mtunda. Kenaka mu September 2014 linatuluka buku lawo, Forgetting to Be Afraid, momwe anaulula kuti iwo eni anatayapo mimba ziwiri m'zaka za m'ma 1990: ina inakhala kunja kwa chiberekero, ina madokotala anapeza kuti mwana ubongo wake sunapangike bwino, mwana amene anali atamupatsa kale dzina. Ndaona anthu amene amadana ndi ndale za mayiwa akufika pamenepa n'kusintha nkhani. Wina mmodzi yekha ndi amene anayesa kunena kuti bukulo linatuluka pa nthawi yowerengera mavoti, ndipo akazi ake anamuyang'ana kamodzi, iye n'kukumbukira kuti galimoto sanakhome.

Za njinga ya olumala ndiye aliyense amagwirizana, zomwe kuno n'zachilendo. A Abbott anapuwala miyendo mu 1984 pamene mtengo unawagwera akuthamanga ku Houston, ndipo anasuma n'kulandira chipukuta misozi chachikulu. Mu October 2014 kampeni ya Mayi Davis inatulutsa uthenga woyamba ndi chithunzi cha njinga yopanda munthu, n'kunena kuti a Abbott atalandira zawo anayamba kutsekera ena ovulala njira ya kukhoti. Mfundo inalipo, koma anthu anangoona njinga. Ometa tsitsi, ogulitsa taco ndi mphunzitsi uja, onse amapukusa mutu mofanana.

Mkangano wokoma kwambiri sabata ino unachitika m'galimoto. Dalaivala anali wa ku Louisiana, ndipo ndinakwera limodzi ndi mnzanga wa kuntchito wochokera ku Kansas. Dalaivalayo akuti mankhwala a chipani cha Democratic kumwera kuno anapezeka kale, dzina lake John Bel Edwards. Nayenso anali phungu wamba wa nyumba ya malamulo ya chigawo, wa ku tauni yaing'ono ya Amite, msilikali wophunzira ku West Point, mwana wa mkulu wa apolisi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amakana kuchotsa mimba, ndipo akazi ake anafotokoza pa TV mmene anakanira uphungu wa dokotala woti achotse mimba ya mwana wawo wamkazi atapezeka ndi vuto la msana. Mu November 2015 anawina ubwanamkubwa wa Louisiana ndi mavoti 56 pa 100, mu 2019 anasainira lamulo loletsa kuchotsa mimba mtima wa mwana ukangoyamba kumveka, chaka chomwecho n'kuwinanso. "Mwaona, bwana? Ukafuna kulowa m'mudzi, yamba walemekeza manda ake." Mawuwo ndawaika m'Chichewa, koma mtima wake ndi womwewo.

Mnzanga wa ku Kansas anadikira kuti amalize, kenaka anatulutsa wake. Laura Kelly, seneta wa chigawo wa ku Topeka, sanabisepo kuti amafuna mayi azisankha yekha. Mu 2018 anagonjetsa Kris Kobach m'chigawo chomwe chimavotera Republican pa chisankho chilichonse cha upulezidenti kuyambira 1968, ndipo mu 2022 anawinanso. Mu August chaka chomwecho anthu a ku Kansas anafunsidwa ngati ufulu wochotsa mimba uchotsedwe m'malamulo aakulu a chigawo, ndipo 59 pa 100 anati ayi. Nanga manda a ku Kansas salemekezedwa? Awiriwa anakokana mpaka tinaphonya pokhotera.

Chomwe onse awiri sananene, ndipo ine ndili kumbuyo ndinangochisunga, n'chakuti ngwazi zawo zinapeza adani odwala kale. A Edwards ankalimbana ndi David Vitter, amene dzina lake linapezeka mu 2007 m'kaundula wa mafoni a mayi woyendetsa malonda a uhule ku Washington, ndipo chigawo chinali chitatopa ndi bwanamkubwa Bobby Jindal ndi mabowo a mu bajeti yake. Mayi Kelly anapeza anthu akulira ndi misonkho imene bwanamkubwa wakale Sam Brownback anadula mpaka sukulu kusowa ndalama, a Kobach ali munthu amene ngakhale ena a chipani chake ankamuthawa, ndipo anawina ndi mavoti 48 pa 100 okha pa mpikisano wa anthu atatu. Mayi Davis sanapeze mwayi wotere. Anakumana ndi loya wamkulu wa boma amene anali atawina kale zisankho za Texas yonse kangapo, wa thumba lozama, wopanda fungo, ndiponso wokondedwa ndi apongozi.

Munthu amene ndimamukhulupirira pa nkhaniyi ndi bambo wina wowerengera anthu misonkho, amene sakweza mawu ndipo pa phwando amakhala pafupi ndi khomo. Iye anangotenga kapepala kopukutira pakamwa n'kulemba manambala. Munthu womaliza wa Democratic kukhala bwanamkubwa wa Texas ndi Mayi Ann Richards, anasankhidwa mu 1990, n'kugwetsedwa ndi George W. Bush mu 1994. Kuchokera chaka chimenecho chipanicho sichinawinepo mpando uliwonse wovoteredwa ndi Texas yonse. Mu 2010 Bill White, meya wakale wa Houston, munthu wofatsa wa suti yotuwa amene palibe akukumbukira nsapato zake, anatsalira ndi mapointi 13. Mu 2018 Mayi Lupe Valdez anatsalira ndi 13. Mu 2022, khoti lalikulu la America litangogwetsa chigamulo cha Roe v. Wade, chomwe chinkateteza ufulu wochotsa mimba, ndipo nkhani ya mimba ili yotentha mokomera a Democratic m'zigawo zina, Beto O'Rourke anatsalira ndi 11. Mayi Davis anatsalira ndi 20, koma m'chaka cha 2014 chomwe chipani chawo chinaluza ngakhale ku Maryland, Massachusetts ndi Illinois, kumene chimayenera kuwina chili m'tulo. Anajambula mzere pansi n'kunena kuti nsapato, njinga, kalavani ndi zonse zomwe tauni imakangana zikulimbirana mapointi 7, ndipo ena mwa 7 amenewo ndi a chaka choipa. Enawo 13 anali ataluzidwa mayiwo asanamange zingwe za nsapato.

Ndikuvomereza kuti kapepala kameneka kamakhumudwitsa, chifukwa kamalanda aliyense nkhani yake. Chalaka bakha nkhuku singatole, ndipo abakha a mitundu yonse ayesa. Koma kali ndi mbali ina imene wometa tsitsi safuna kuimva: popanda usiku uja, ndani kunja kwa dera la Fort Worth akanadziwa dzina la Wendy Davis? Anali khansala wa mzinda uno zaka zisanu ndi zinayi, seneta kuyambira 2009, ndipo mu 2011 anachitapo filibuster ina yokana kudula ndalama za sukulu, yomwe lero muyenera kufunsa anthu khumi kuti mupeze mmodzi woikumbukira. Nsapato ndi zomwe zinawapatsa mpata woluza. Pamene ine ndimaona kuti chipani chinalakwitsa ndi pa msika womwe chinagulitsa nkhuku yoikira mazira: mayiwa anali atawina kawiri m'dera lopendekera ku Republican, zomwe n'zosowa, ndipo atangochokapo mpandowo unapita kwa Konni Burton wa mbali inayo. Mu 2020 anayesanso, ulendo uno wa ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse, n'kugonja kwa Chip Roy.

Bilu ija nayo inayenda ulendo wake. Zipatala zochotsa mimba ku Texas zinali zoposa 40 isanabwere, ndipo zinatsala pafupifupi theka. Mu June 2016 khoti lalikulu la America linagwetsa mbali ziwiri za lamulolo, oweruza 5 kwa 3, ndipo mphunzitsi uja akuti tsiku limenelo anavala pinki kuyambira kumutu. Mu 2021 a Abbott anasainira SB 8, yoletsa kuchotsa mimba kuyambira cha pa masabata 6 n'kupatsa munthu wamba mphamvu yosumira wothandiza aliyense kuti alandire madola osachepera 10,000. Pa 24 June 2022 chigamulo cha Dobbs, chija chinagwetsa Roe v. Wade, chinamaliza zotsala. Masabata 20 amene Mayi Davis anaima kuwakana mpaka msana kupweteka, lero mbali yake ikanawalandira ndi manja awiri. Mayi wa taco akamva zimenezi amayang'ana chithunzi chili pamwamba pa kabati, osanena kanthu, ndipo sindinalimbe mtima kuwafunsa ngati kuyang'anako ndi kuthokoza kapena kufunsa.

Loweruka ndinaimbira alamu anga kumudzi n'kuwafotokozera zonsezi, mphindi makumi anayi a foni. Anandikumbutsa kuti kwathu mu 2021 aphungu anakana ngakhale kungoikambirana bilu ya nkhani yomweyi, ndiye zoti munthu aime maola 11 akuitchula dzina pamaso pa amuna anaona ngati ndikuwonjezera mchere. Anafunsa ngati mayiwo anali ndi ankhoswe. Anafunsa ngati apongozi a a Abbott analipidwa. Ndinayesa kuwalongosolera za mapointi 13 ndi 7, koma ndinamva kuti akutsuka mbale. Pomaliza anati nsapato zoti munthu n'kuima nazo kuyambira m'mawa mpaka usiku osakhala pansi n'zimene iwo akusowa kumsika, saizi 6, ndipo ngati pinki yatha alandira mtundu wina uliwonse kupatula zoyera, chifukwa cha fumbi.